Lupanga Lotchipa la ku Malaga

Amene akuona ngati ndinama aike mbale yake pansi, apukute m'manja, abwere akhale apa pafupi kuti azindiyang'ana m'maso, chifukwa sindifuna kuti mawa ndege ikanyamuka mutsale mukunena kuti mkulu uja Kachingwe ankalankhula zobisa nkhope. A Nyirenda, ndakuonani mukuseka kuseri kwa utsi wa nyamayo. Sekani. Inu mumakumba miyala ku migodi, ine ndinadula nzimbe ku Dwangwa mpaka imvi, ndipo wodula nzimbe sanama, alibe nthawi yake.

Mukafunse aliyense wa kumeneko za dzanja ili. Ndinkalowa m'munda mame asanaume, ndikadutsa mzere nzimbe zinkatsala chiimire osadziwa kuti zadulidwa, zinkapitiriza kukula pang'ono, mpaka kapitawo abwere, ayetsemule, ndiye munda wonse n'kugwa kamodzi, oyendetsa mathirakitala n'kumabwera kudzandipempha kuti ndizipumako masana nawonso akaone ana awo. Chikwanje changa chinkatentha moti anzanga ankayatsirapo fodya. Mukumva? Dzanja lake ndi lomweli, lamanja.

Kuno ku Perth ndinabwera kudzaona mwana wanga Tamanda, uyo akugawa saladi apoyo, namwino wa ku chipatala chachikulu cha ku Nedlands. Tinapangana miyezi itatu. Mayi ake ndinawasiya kumudzi ndi mbuzi ndi chimanga, ndinawauza kuti ndifika tisanakolole. Ndiye mliri uja unabwera, boma la kuno n'kutseka zipata zonse, ndege zinakhala pansi ngati nkhuku zofungatira mazira, miyezi itatu inasanduka chaka, chakacho n'kubereka chinzake.

M'mawa wina ndikumwa tiyi, kapu inangochoka yokha m'manja. Ndinayang'ana kapu pansi, ndinayang'ana dzanja, dzanja silinandiyankhe. Tamanda anali atangofika kuchokera ku shifiti, pamphuno pali mabala a masiki. Anangondiona pakamwa n'kunena kuti, "Adadi, musadzuke," n'kuimba foni. Madokotala ati sitiroko yaing'ono. Yaing'ono kwa iwowo. Ndinabwerako kuchipatala mwendo uli bwino, pakamwa pali bwino monga mukumveramu, koma dzanja lamanja likulendewera ngati sokosi yonyowa pa chingwe.

Apa pokha sindiwonjezera kanthu. Tamanda ankandimanga mabatani a shati asanapite kuntchito. Nyama ankandidulira m'mbale. Mayi ake akaimba foni ya vidiyo ndinkabisa dzanja pansi pa tebulo, iwo n'kumafunsa kuti, "Bwanji masiku ano foni mukugwirira kumanzere?" Ine ndinkati ndi mwambo wa kuno. A fiziyo, aja ophunzitsa ziwalo kuyendanso, anandipatsa kampira kofiira kuti ndizifinya tsiku lililonse. Ine Kachingwe, kufinya kampira. Ndinakaponya pansi pa bedi. Ndevu ndinasiya kumeta, kutchalitchi kwathu kuno ndinasiya kupita chifukwa sindinkafuna kuti anthu azindipatsa moni wa kumanzere ndi nkhope ya pamaliro, ndinkangokhala pakhonde la nyumba ya Tamanda ku Morley kuonerera mabasi akudutsa opanda anthu.

Mkamwini wanga Lameki, amene amakhala milungu iwiri ku migodi umodzi kunyumba, anandisiyira foni yake yakale kuti ndizitayirako nthawi. M'menemo ndinaona nkhalamba ya ku Japan, yaifupi kuposa ine, itavala chinthu ngati siketi yotakata, itaima patsogolo pa mphasa yokulungidwa yoimikidwa pa mtengo. Inasolola lupanga, inaponda phazi limodzi, mphasa n'kugwa mopendekera bwino lomwe. Ndinaonera kakhumi. Ndinati, bambo uyu akugwira ntchito yanga, kungoti wavala bwino. Tsiku limenelo ndinadya chakudya chonse.

Ndinayamba kufufuza. Lupanga limeneli amalitcha katana, ndipo lenileni, losulidwa ndi amisiri a ku Japan, mtengo wake mungagule puloti ku Lilongwe, kumangapo nyumba, n'kutsalabe yochitira ukwati wa mwana wa mlongo wanu. Ine ndinali ndi kandalama kamene ndinasungira suti yokafikira kumudzi. Ndiye ndinachita zimene amachita munthu wosauka wofulumira. Ndinagula kwa bambo wina amene ankagulitsa katundu wa m'nyumba pa intaneti, lonyezimira ngati galasi, chimake chojambulidwa chinjoka chagolide, pa mtengo wa nkhuku ziwiri.

Ndinadikira kuti Tamanda apite kuntchito. Ndinaimika katoni kuseri kwa nyumba, ndinagwira ndi dzanja lamanzere, ndinakweza, ndinatsitsa, ndipo m'manja mwanga munatsala chogwirira chokha. Chitsulo chinathawa. Chinadumpha mpanda, chinadutsa pamwamba pa masitolo a Morley, chinafika pa siteji ya mabasi n'kumeta dalaivala wina ndevu za tsaya limodzi iye osadziwa mpaka mkazi wake atamuuza, chinapita kunyanja, chinakazungulira komweko, ndipo chinabwerako Lachinayi chili ndi mchere ndi kansomba kamodzi kunsonga, n'kudzazika pa mtengo wa mandimu wa aneba athu, mandimu onse n'kugwa pansi atadulidwa kale pakati. Mukumva? Nditayang'ana m'kati mwa chogwirira ndinapeza kuti chitsulo chonsecho chinkagwiridwa ndi kawaya kofanana ndi sipoko ya njinga. Limenelo linali la pakhoma, loonetsa alendo.

Aneba aja, mzungu wachikulire wopuma pantchito, anabwera ndi chitsulocho chitakulungidwa m'nyuzipepala. Sanakalipe. Anandilembera dzina pa kapepala n'kunena kuti ndipite ku Malaga, dera la konkuno ku Perth, ndikaonane ndi Mayi Joan ndisanaphe munthu.

Ndinavala masiki, ndinalowetsa dzanja lodwala m'thumba la jekete, ndinakwera basi. Ku Malaga mukukudziwa, kulibe makonde kapena maluwa, ndi mashedi a malata okhaokha, ogulitsa matayala, opala matabwa, owotcherera zitsulo. Mayi Joan ndi mayi wamfupi wa imvi, manja ake ngati a mwamuna woumba njerwa. Pakati pa sabata amawotcherera mageti, Loweruka amaphunzitsa anthu kudula ndi lupanga kuseri kwa shedi yake, ndipo amagulitsako malupanga kwa ophunzira ake okha. Anayamba wandiuza malamulo a kuno, kuti lupanga si ambulera yoyenda nayo mumsewu, ulembe dzina, unene chifukwa, ulisunge motsekera, ulinyamule m'chikwama. Kenako anaika malupanga atatu pa tebulo.

Mayi ameneyo sanama, ndiye tinagwirizana msanga. Anandiuza poyera kuti onse atatuwo anasulidwa ku China motsanzira a ku Japan, n'chifukwa chake munthu wamba angawakwanitse. Anati chitsulo chosachita dzimbiri ndi cha masipuni, chodula ndi chimene chimafuna mafuta. Anatenga kanyundo, anagogoda tizikhomo tiwiri ta nsungwi, chogwirira n'kuvuka, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti chitsulo chalowa chathunthu mpaka kumapeto. Ndinati ndipatseni ndimve, pakuti ife a nzimbe chitsulo timachidziwa ndi khutu. Ndinagogoda loyamba ndi chikhadabo, linalira ngati belu la kusukulu. Lachiwiri linatsokomola. Lachitatu, abale anga, linaimba, linayamba pansipansi ngati bambo wa kwaya n'kumakwera, agalu onse a ku Malaga anasiya kuuwa, makina a opala matabwa anazima okha, mnyamata wa matayala anavula chipewa, ndipo patapita mphindi zisanu likuimbabe Mayi Joan analigwira kunsonga kuti likhale chete anthu abwerere kuntchito. Limenelo linali ndi chikande pa chimake, anali atalitsitsa mtengo chifukwa cha chikandecho. Ndalama ya suti inakwana. Ndinati kumudzi andilandira ndi jekete lomweli.

Ndiye ndinatulutsa dzanja m'thumba kuti aone chimene akugulitsa nacho malonda. Ndinayembekeza kuti andibwezera ndalama. Analiyang'ana, analitembenuza, anafinya zala chimodzi ndi chimodzi, n'kunena kuti, "Lupanga ili limakokedwa ndi dzanja lamanzere. Lamanja ntchito yake ndi kulozera njira basi. Kulozera njira lingaphunzire."

Ndinakhala pa tayala limene linali pamenepo. Ku Malaga kuli fumbi lambiri, linandilowa m'maso.

Koma lupanga sanandipatse. Analemba dzina langa pa kapepala, anamangirira ku chimake, analitsekera m'kabati yake, ine n'kundipatsa lupanga la mtengo. Anati ndiyambe ndavina ndi limenelo miyezi itatu, ndiponso ndibwere ndi chilolezo cha mwana wanga ndi cha a fiziyo. Munthu wa zidzukulu kumudzi, kukapempha chilolezo kwa mwana amene ndinamubereka.

Tamanda anakwiya monga amakwiyira mayi ake, mosakweza mawu. Anati, "Adadi, ine ndimasamala ovulala tsiku ndi tsiku, inu mukufuna kundibweretsera ntchito kunyumba?" Koma tsiku lake lopuma anayendetsa galimoto mpaka ku Malaga, anatsekerana ndi Mayi Joan ola lathunthu, atabwerako anaimbira a fiziyo. Madzulo ake anaika kampira kofiira kaja pa tebulo, kali ndi fumbi la pansi pa bedi, n'kunena kuti, "Akuti ndodo imene mukuigwira iposa mpira umene simuugwira."

Masiku oyamba Mayi Joan ankamangirira dzanja lamanja ku ndodo ndi bandeji kuti lisagwe. Ndinkadzuka m'mawa uliwonse kuseri kwa nyumba, kukweza, kutsitsa, kukweza, kutsitsa, kachikwi ndisanamwe tiyi, ndipo mphepo imene inkatuluka pamenepo inkaumitsa zovala za mzere wonse wa nyumba, amayi a m'deralo anayamba kutumiza uthenga wofunsa kuti ndiyamba nthawi yanji kuti achape mabulangete, zinkhwe zoyera zija zimene zimasokosera m'mitengo zinasamukira ku Nedlands chifukwa nthenga zinkathothoka. Ntchito yonseyo linkagwira lamanzere. Ndipo ndinkaliyamikira mokweza, dala, kuti linzake limve. Ndinkati, iwe ndiye dzanja, zaka zonsezi ndinkakusunga ngati wantchito osadziwa kuti ndiwe bwana.

Inu amene munakulira ku mitala mukudziwa zimene zimachitika mkazi wamkulu akamva wamng'ono akuyamikiridwa. Sabata lachisanu kachala kakang'ono kanagwedezeka. Ndinakhala ngati sindinaone. Sabata lotsatira chala chachikulu chinapinda. Ndinapitiriza kutama lamanzere. Tsiku lina m'mawa dzanja lamanja linalusa, linagwira ndodo ija mwamphamvu moti mtengo wouma unatuluka utomoni, ndipo linakana kusiya, ndinadya nayo ndodo, ndinasamba nayo, ndinagona nayo masiku awiri, mpaka ndinalipepesa pamaso pa Lameki kuti ndiwe wamkulu ndithu, palibe angakulande nyumba. Mukumva, a Nyirenda? Lamlungu limenelo ndinamanga ndekha mabatani onse, ngakhale la pakhosi, ndinameta ndevu, n'kupita kutchalitchi. Ena mwa inu munandiona.

Miyezi itatu itakwana Mayi Joan anatsegula kabati. Ophunzira amayamba ndi mabotolo a mkaka othiramo madzi, pakuti mphasa zodulira n'zodula ndipo masiku amenewo katundu wa panyanja ankachedwa. Anaimika botolo pa chitsa. Ndinaponda phazi, ndinakoka ndi lamanzere, lamanja linalozera njira, lupanga linadutsa. Botolo linangoima. Mayi Joan anati ndaphonya. Ndinati dikirani, ine zimenezi ndinazolowera. Ntchentche inabwera, inatera pa chivindikiro, theka la pamwamba n'kutsetsereka, koma madzi anatsala chiimire m'mwamba ngati akadali m'botolo, osadziwa kuti nyumba yapita, mpaka ndinawauza kuti, "Mwamasuka," ndiye anakhuthuka mwamanyazi. Ntchentche ija ndinaidula nayonso ikuuluka, koma ndinadula bwino kwambiri moti theka lililonse linapola n'kuuluka palokha, ndipo ngati chilimwe chimenecho munaona kuti ntchentche zachuluka kuno, ndikupepesa, ndinali ndikuphunzira.

Tsopano imvani chimene ndakuitanirani. Munthawi ina ya zija ankatitsekera m'nyumba masiku angapo akamva kuti matenda alowa mumzinda, lupanga linali litabwera kunyumba, likukhala m'kabati imene kiyi wake amasunga Tamanda. Tsiku limenelo anandipatsa kiyi kuti ndilipake mafuta, iye n'kukagona, pakuti anali atagwira mashifiti otsatizana ndipo miyendo inali itatupa. Anali masana, kamphepo ka kunyanja kaja kakuyamba. Ndili kuseri ndi kansalu ka mafuta ndinamva fungo lachilendo. Ndinakweza maso, ndipo ine amene ndimaona nsabwe pa nkhuku yothamanga ndinaona chimtambo cha tinthu taminga ngati zipatso za nsatsi chikudumpha mpanda wa aneba, chikulunjika pa windo la chipinda chimene mwana wanga anagona. Anali korona yemwe, atabwera ndi abale ake onse.

Sindinaitane munthu. Ndinaima pakati pa mpanda ndi windo, ndinasolola, ndinadula kumanja, ndinadula kumanzere, ndinadula kuchokera pansi monga timachitira ndi nzimbe yogwa, minga inkagwa ngati matalala pa malata, wamkulu wawo anayesa kuzemba pansi pa chingwe cha zovala ndinamupeza ndi nsonga, wina anabisala m'sokosi ya Lameki ndinamutulutsa osang'amba sokosi, mphepo yeniyeniyo ndinaidula pakati moti theka linapita ku Morley theka ku Malaga ndipo a zanyengo anapepesa pa wailesi, ndipo dzuwa lisanapendeke zidutswa zotsala zinathawira kum'mawa kudutsa chipululu chonse, kumene chidutswa chilichonse anachipatsa dzina lake latsopano, maina a korona aja munkamva akusinthasintha aja. Tamanda sanatembenuke n'komwe. Anadzuka madzulo n'kunena kuti sanagonepo tulo tokoma chotero. Inu mumati Perth anapulumuka nthawi yaitali chifukwa boma linatseka malire. Boma linathandizako, sindikana. Manamwino athuwa anathandizanso. Koma mpanda wa ku Morley unali ndi munthu.

Mphasa zinafika patapita nthawi. Mayi Joan anandisungira imodzi, anaiviika m'madzi kuyambira dzulo lake, anaikulunga, anaiimika pa chikhomo. Tamanda anabwera nane Loweruka limenelo, ndipo ndisanasolole ndinamuuza kuti aimbire mayi ake pa vidiyo. Ndinali ndisanawauzebe za dzanjali. Ndinaima patsogolo pa foni, ndinakweza dzanja lamanja, ndinatambasula zala zonse zisanu, n'kunena kuti, "Mayi a Tamanda, dzanja ili linafa, koma onani." Ndinatembenuka, ndinaponda phazi, mphasa inagwa mopendekera ngati ya nkhalamba ya ku Japan ija.

Ndinayang'ana kufoni. Kenako ndinamva mayi ake akumina. Anati, "Ndinkadziwa. Mwana anandiuza tsiku lomwelo muli m'chipatala. Ndinkangodikira kuti mulitulutse nokha pansi pa tebulo." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kuwonjezera kuti, "Poti lachira, bwerani. Tchire la kuseri kwa khola lafika padenga."

Ndiye mawa ndikupita, zipata zatseguka. Lupanga ndikulisiya, pakuti kumudzi chikwanje changa chikadalipo, ndiponso lapeza mwini wina. Mwana amene ankati ndikumubweretsera ntchito kunyumba tsopano Loweruka lililonse limene sali pa shifiti amapezeka ku Malaga ndi ndodo m'manja, akuti akatsitsa kakhumi kutopa kwa sabata lonse kumachoka m'mapewa. Mayi Joan akuti ali ndi dzanja. Nanga akanalitenga kuti?

Iwe Tamanda, foniyo ukuikwezeranji? Ika m'thumba. Musamumvere, akufuna kukuonetsani vidiyo ya mphasa ija. Chabwino, ndinena ndekha asanandinenere. Pa vidiyopo zikuoneka ngati ndinatema katatu, ndipo koyamba mphasa inazuka yathunthu n'kukagwera m'mbiya ya zinyalala, kachiwiri lupanga linakanirira pakati mpaka Mayi Joan anadzandithandiza kulizula, mayi ake akudikira kufoni. Foni imachedwa, simungaikhulupirire. Ndipo zimene akuuzeni za tsiku la katemera, kuti namwino atangotulutsa singano ine ndinapezeka pansi miyendo ili pa mpando akundikupiza ndi katoni, sikunali kukomoka. Kasingano kaja n'kakang'ono kwambiri, munthu wozolowera zitsulo zazikulu sadziwa poyang'ana.

Amene akukayikabe asatsutsane ndi foni. Dzanja ndi ili. Abwere andipatse moni, wa kumanja, ndipo amene muli pa shifiti mawa muyambe mwaganiza ngati zala zanuzo muzifuna.